Galimoto ya Pakhoma

Ku Joni ndinakhalako zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo pa zaka zonsezo galimoto ndinakhala nayo mphindi zisanu zokha. Anthu amaseka ndikanena zimenezi, nanenso ndimaseka nawo, koma mphindi zisanuzo ndi zimene zandigwiritsa ntchito muukalamba uno, pamene anzanga a msinkhu wanga akungowothera dzuwa pakhonde.

Kwathu kwenikweni ndi ku Nsanje, koma ine ndi mkazi wanga Malita tinakhazikika ku Chilobwe titangokwatirana. Ine ndinkanyamula matumba pa sitolo ina ku Limbe, iye ankagulitsa nsomba zouma zochokera kumudzi. Pang'onopang'ono tinagula kamalo m'munsi mwa phiri la Soche n'kumangapo nyumba ya zipinda zitatu, njerwa zake zoumba tokha. Pepala la malo lodindidwa ndi amfumu Malita analikulunga m'pulasitiki n'kulibisa pansi pa zovala m'sutikesi. Sitolo ija itatsekedwa ndinayenda tauni yonse kufuna ntchito mpaka nsapato zinabooka. Apa m'pamene ndinayamba kutchera khutu kwa anthu amene ankati ku Joni ngakhale wosapita kusukulu amatola ndalama.

Tsiku lonyamuka Malita anandiperekeza ku depoti atagwira dzanja mwana wathu Ruti, amene anali atangoyamba kumene sukulu. Anandipatsa mbatata yophika ndi chiponde m'kabotolo. Sanalire. Basi itaduma anafika pawindo n'kunena kuti, “Bambo a Ruti, zikakavuta mukabwere. Nyumba ilipo.”

Joni anandilandira ndi chisanu chimene sindinachionepo. Tinkagona anthu anayi m'kachipinda ka malata, tonse Amalawi, ndipo amene anandisunthira malo pa matiresi ake anali Bwanali, bambo wa ku Mangochi. Bwanali ankaliza mkonono ngati chigayo cha dizilo, koma ankadziwa kuphika, komanso ankadziwa msewu uliwonse umene apolisi amakonda kuima. Ndiye anandiphunzitsa kubisa kandalama m'sokosi kuti akandigwira ndidziwombole. M'mawa uliwonse tinkaima m'mbali mwa msewu kudikira magalimoto ofuna aganyu. Wina ankanyamula chipande cha omanga, wina bulashi ya penti, kuti odutsa aone ntchito imene amadziwa. Ine ndinalibe luso lililonse, ndiye ndinkangoimika manja awiri m'mwamba, ndipo anzanga ankati ndikuoneka ngati ndikudzipereka kwa apolisi.

Patapita miyezi ndinapeza ntchito kwa mzungu wina wachikulire. Ndinkatchetcha kapinga, kusesa masamba, kutsuka galimoto ndi kutola manyi a agalu ake awiri, agalu aakulu ngati ana a ng'ombe, odya bwino kuposa ine. Ntchito imeneyi ndiyo ndinaigwira mpaka kubwerera. Sindinaide, inkandidyetsa. Koma si ntchito imene munthu amailemba m'kalata yopita kwawo.

Tonse kumeneko tinali ndi kachizolowezi kamodzi. Lamlungu kunkayenda mkulu wina wojambula zithunzi, ndipo aliyense ankafuna chithunzi chotumiza kumudzi. Wina ankajambulitsa atatsamira chinyumba cha magalasi, wina ataika pakhutu foni yakufa. Bwanali anali ndi chake atakhala pampando wozungulira mu ofesi imene ankakolopamo, cholembera chili m'manja, pamene dzina lake lomwe ankalemba movutikira. Sitinkaona ngati ndi bodza. Tinkati tikutonthoza a kunyumba kuti asamade nkhawa.

Langa tsiku linafika bwana atapita kutchalitchi pa galimoto ya mkazi wake. Galimoto ya bwanayo, yoyera yaitali, ndinali nditangoitsuka kumene, ikuchita kunyezimira. Bwanali anandibwereka jekete yake yakuda, n'kundiimika pa chitseko cha dalaivala, mwendo umodzi utapingasa unzake. Wojambula anati m'manja musakhale mopanda kanthu, mwini galimoto amaoneka ndi kiyi. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi amene ndinali naye, wa loko wa kanyumba kosungiramo makasu, n'kumulendewetsa pachala. Chithunzicho chinatuluka chokongola moti ine mwini ndinadzipatsa ulemu. Ndinachitumiza kwa Malita kudzera mwa anthu onyamula katundu, pamodzi ndi bulangete, sopo ndi mafuta ophikira.

Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, zochepa koma zosadumpha. Pafoni nkhani yathu inali imodzimodzi. Ndikafunsa kuti kunyumba kuli bwanji, Malita ankati kuli bwino. Akandifunsa za kuno, nanenso ndinkati kuli bwino. Kwathu munthu amene ali kutali sitimuuza zovuta, timati angagwe nazo mphwayi pantchito, kapena angadwale ndi maganizo kopanda womuyang'anira. Ngakhale nthawi imene eni dziko anatiukira, ine n'kubisala masiku atatu m'kanyumba ka makasu kaja, ndikumwa madzi a paipi yothirira maluwa, Malita ataimba ndinamuuza kuti zimenezo zikuchitika kutali ndi kumene ndikukhala.

Kunyumba ndinabwerako kawiri kokha, zaka zoyambirira, mapepala anga asanathe. Ulendo woyamba ndinapeza chithunzi chija chili m'felemu pakhoma la pabalaza. Mng'ono wanga Alufandika, amene anabwera kuchokera ku Nsanje kudzandiona, anafunsa chifukwa chimene ndinabwerera pa basi. Ndinayankha kuti misonkho ya pachipata ndi yokwera, galimoto ndaisiya. Mawu amenewa anatuluka mosavuta, ndipo ndinaona mmene onse anandiyang'anira. Kunena zoona zinandikomera. Malita anali kukhitchini nthawi imeneyo, koma nyumba yathu ndi yaing'ono.

Bwanali anadwala chifuwa chaka china cha chisanu choopsa. Ankakana kupita kuchipatala poopa kufunsidwa mapepala, ndipo pamene tinkamunyamula kupita naye n'kuti atatha kale. Tinayenda chipinda ndi chipinda kusonkhetsa ndalama kwa Amalawi kuti thupi lake lipite kwawo. Bokosi lake analikweza m'ngolo yokokedwa kumbuyo kwa minibasi, pakati pa mafuliji, njinga ndi matumba a zovala. Ndinaima pamsewu mpaka ngoloyo inakhota. Ndinalira tsiku limenelo kuposa mmene ndinalirira bambo anga ondibala. Jekete ija anandisiyira ine.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kubisa kandalama m'chitini cha penti m'kanyumba ka makasu. Ndinalumbira kuti ine ndidzapita kwathu nditakhala pampando, osati m'ngolo, ndipo ndikakafika ndikatsegula kahokala kutsogolo kwa nyumba, ndizikagulitsa shuga ndi machesi nditakhala pansi, Malita asiye kunyamula madengu a nsomba. Ndinkadzimana ngakhale nyama. Za chitinichi sindinauze munthu, ndinkafuna kudzamudabwitsa.

Mayi anga atamwalira ku Nsanje sindinathe kupita, chifukwa ndikanatuluka sakanandilolanso kulowa. Ndinatumiza zimene ndinakwanitsa. Patapita masiku anandionetsa zithunzi za maliro pafoni: bokosi lonyezimira la zogwirira zachitsulo, tenti, basi yonyamula anthu kuchokera ku Blantyre, ng'ombe yophedwa. Ndinadabwa kuti kandalama kanga kaja katalika bwanji chotere. Ndinaganiza kuti Alufandika waonjezerapo, mpaka ndinamuimbira kumuthokoza. Iye analandira kuthokozako bwinobwino.

Kubwerera kwanga kunadza bwana atagulitsa nyumba kuti atsatire ana ake kutsidya la nyanja. N'kuti mawondo anga atayamba kale kulira ndikamagwada. Anandipatsa malipiro a miyezi itatu ndi makina ake akale otchetchera kapinga, akuti ndizimukumbukira. Ndalama za m'chitini ndinazisokerera m'kati mwa jekete ya Bwanali, ndipo ndinaivala ulendo wonse ngakhale kumatentha ku Tete.

Malita ndinamupeza atachepa thupi, tsitsi litayera m'mbali. Ruti anali atakwatiwa ku Chirimba, ndipo kamwana kake kanabisala kumbuyo kwa mayi ake n'kufunsa ngati amenewa ndi agogo a galimoto aja. Anthu oyandikana nawo nyumba ankabwera kudzapereka moni maso ali panja, kufunafuna pamene ndaiimika. Alufandika anafika tsiku lachiwiri, mimba itatsogola, n'kuyamba kundiuza za mwana wake amene akufuna fizi.

Tsiku lachitatu m'mawa kunabwera bambo wina wovala bwino, waulemu kwambiri, dzina lake aKatsala, ogulitsa matayala ku Limbe. Anakhala pampando, tinapatsana moni wautali, kenako anati akhala akudikira kubwera kwanga. Anatulutsa kabuku. Malita anali ataima pakhomo la kuchipinda, ndipo nditamuyang'ana anagwetsa nkhope. AKatsala ankabwereketsa ndalama za katapila, zija ukatenga khumi umabweza khumi ndi zisanu mwezi ukatha, ukalephera zimaberekana. Atandionetsa nambala ya pansi penipeni ndinaiwerenga kawiri. Kenako anatulutsa m'chikwama pepala lokulungidwa m'pulasitiki. Ndinalidziwa asanalitambasule. Linali chikole, ndipo anati ngati sitigwirizana kanthu, nyumbayo ali ndi munthu woigula.

Atachoka ndinakalipa. Sindibisa, ndinanena mawu oipa. Ndinamufunsa Malita kuti ndalama zonse ndinkatumiza zija ankadyera chiyani, kapena pali mwamuna wina amene ankamuveka. Anandisiya ndilankhule mpaka mpweya unandithera. Kenako anakhala pamkeka n'kuyamba kuwerenga ndi zala, mosakweza mawu. Malowolo a Alufandika. Fizi ya ana awiri a mlongo wanga. Kuchipatala kwa amalume. Chachikulu maliro a mayi, chifukwa abale anakana bokosi wamba, akuti mayi wa munthu wa galimoto ku Joni sangapite ngati mmphawi. Aliyense ankabwera, kukhala pabalaza, kuyang'ana pakhoma, n'kunena chosowa chake. Akakana ankati mkaziyu akudya yekha chuma cha m'bale wathu. Poyamba ankabwereka ku banki m'khonde ya amayi a m'dera lathu, ndipo atalephera kubweza anapita kwa aKatsala kuti atseke ya amayiwo.

Manyazi anandigwira. Ndinaona kuti nthawi yakwana, ndipo ndinamuuza ndikuyang'ana pansi kuti galimoto ija sinali yanga, inali ya bwana.

“Ndinkadziwa,” anatero.

Ndinadzutsa mutu.

“Tsiku lomwe chinafika ndinadziwa. Kiyi mwagwirayo ndi wa loko, ngati wa pakhomo pathu pano. Mumaganiza kuti ine sindidziwa kiyi wa loko?”

Ndinamufunsa chifukwa chake sanawauze abale, bwenzi atamusiya.

“Ndikanawauza kuti chiyani, bambo a Ruti? Kuti amuna anga ndi abodza? Inu munabwera pano n'kunena ndi pakamwa panu kuti mwaisiya chifukwa cha misonkho. Ine ndinangoti munthu akuvutika kwa eni, chimene watsala nacho ndi ulemu wakewu. Ndiye ndinkausunga.”

Ndinanyamuka, kuchotsa chithunzicho pakhoma n'kukachiponya kuseri kwa nyumba. Madzulo ake ndinachipeza chabwerera pamsomali, galasi litang'aluka pakona. Malita anati galimotoyo ndi yabodza koma munthuyo ndi wake, komanso jekete inandikhala.

Ndinasomola jekete ija n'kutulutsa ndalama zonse za hokala. Tinapita nazo kwa amfumu pamodzi ndi aKatsala, ndipo titakambirana tsiku lonse anavomera kulandira zimenezo n'kuimitsa chiwongoladzanja. Zotsalazo tinagwirizana kuti tizipereka mwezi uliwonse kwa zaka zitatu, koma tikadumpha miyezi iwiri yotsatizana nyumba yapita. Thukuta langa la zaka zonse zija linalowa m'chikwama cha munthu wina nthawi yochepa kuposa imene munthu amamwera tiyi. Ndinapitanso kwa Alufandika kukamuuza za ngongoleyo kuti athandizeko. Za galimoto ndinangoti kulibe, osafotokoza. Iye anauza anthu kuti ndinaigulitsa ndipo ndalama ndabisa.

Ndiye mphatso ya bwana ija inagwira ntchito. Ndinayamba kukankha makina otchetchera kuchoka ku Chilobwe kupita ku Sunnyside, nthawi zina mpaka ku Namiwawa, kugogoda m'mageti a anthu a m'maofesi. Ndikatopa n'kukwera minibasi ankandilipiritsa mipando iwiri, ndipo oitanira anandipatsa dzina loti madala a thirakitala. Ndinapita ku Joni kukatola manyi a agalu kuti ndidzapume, ndipo ndinabwera kudzatolanso a agalu a kwathu konkuno. Malita anapitiriza nsomba zake mumsika wa Limbe. Mwezi ukatha tinkakhala pamkeka kuphatikiza zanga ndi zake, ndipo masiku amenewo, ngakhale tinkadya kamodzi, ndi amene ndinamudziwa mkazi wanga. Tinkaseka ndithu. Ankandiuza kuti nditsuke mbale bwino ngati mmene ndinkatsukira galimoto yanga.

Chimodzi chokha tinkakangana. Malita anali atabwereranso ku banki m'khonde, ndipo Lachinayi lililonse ankagula sheya imodzi, yotsikitsitsa. Amayi anamukhulupiriranso mpaka anamupatsa kusunga mmodzi wa makiyi atatu a bokosi la ndalama. Ine ndinkati munthu wa ngongole sasunga, tithane kaye ndi aKatsala. Iye ankati ngongole ikadzatha tidzakhala nkhalamba ziwiri m'nyumba yopanda kanthu, ndiye tidzayambira pati. Nditamufunsa kumene akuitenga ndalamayo anati ndi za nsomba zophwanyika zimene amagulitsa padera. Anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo mankhwala akasowa kuchipatala tinkagula kusitolo ya mankhwala. Ndalama yake ndinkamupatsa m'manja. Ndikafunsa ngati akumwa ankati akumwa.

Anagwa mumsika m'mawa wina akuyala nsomba, titatsala ndi miyezi iwiri yokha kuti timalize. Anakhala m'chipatala masiku awiri osalankhula, kenako anapita.

Abale atasonkhana kukambirana za maliro, Alufandika anati bokosi likhale looneka, anthu angatiseke, mkazi wa munthu wa ku Joni. Wina anatchula za aKatsala, kuti akhoza kutithandizanso. Ndinalowa m'nyumba, kuchotsa chithunzi chija n'kuchiika pakati pawo.

“Yang'anani kiyiyo,” ndinatero. “Ndi wa kanyumba ka makasu. Galimotoyi ndinkangoitsuka. Ine ku Joni ndinkatola manyi a agalu, ndipo malowolo ako, Alufandika, ndi bokosi la mayi, analipira ndi mkazi wagona umuyu. Apita m'bokosi limene ine ndingakwanitse.”

Mawu amene ndinawaopa zaka zonse zija sanatenge ngakhale mphindi imodzi, ndipo dziko silinagwe. Ndikanawanena Malita ali kukhitchini tsiku lija, bwenzi mwina lero akundiseka pano. Tinamuika m'bokosi la matabwa wamba, logula m'mbali mwa msewu.

Miyezi iwiri ija ndinaimaliza ndekha. AKatsala anandibwezera pepala ndi manja awiri n'kupepesa maliro. Ndinafika nalo kunyumba, kutsegula sutikesi n'kuliika pansi pa zitenje zake, pamene linkakhala kale. Ndinakhala pabedi nthawi yaitali. Panalibe womuuza kuti zatha.

Sabata yotsatira kunabwera amayi awiri a ku banki m'khonde ndi kabuku ka Malita. Anati masheya ake alipo, ndikhoza kuwatenga kapena kudikira tsiku logawana kumapeto kwa chaka. Ndinatsegula kabukuko. Chidindo chimodzi Lachinayi lililonse, osadumpha. Ndinafunsa mtengo wa sheya, ndipo nditawerengetsa masheya a mwezi umodzi ndinapeza kuti akufanana ndi ndalama ya mankhwala imene ndinkamupatsa. Mwina zinangofanana. Ruti amati ndisamadzizunze, nsomba zophwanyika zinkagulitsidwadi. Koma m'nyumba monse sindinapezemo ngakhale kapepala kamodzi kotha mankhwala.

Ndalamazo sindinatenge. Ndinapempha amayiwo kuti andilole kupitiriza pamalo pake. Anayamba akayika chifukwa gululo ndi la amayi okhaokha, koma pomaliza anati madalawa alibe vuto. Mlembi atafuna kufufuta dzina kuti alembe langa ndinamuletsa.

Tsopano ndimatchetcha masiku atatu pa sabata, mawondo salola kuposa apo. Ndilibe ngongole ndi munthu aliyense. Ndikapeza kandalama ndimayamba ndapatula ka sheya, kenako ka mankhwala anga, ndipo amenewo ndimamwa Ruti akuona. Hokala mwina idzatseguka chaka chamawa, mwina ayi. Chithunzi chija chili pamsomali wake, ndipo mdzukulu wanga akabwera ndi anzake amawauza yekha kuti galimotoyo ndi ya mzungu, agogo ankangoitsuka.

Lachinayi masana ndimasamba, kuvala jekete ya Bwanali, n'kupachika m'khosi kachingwe ka Malita kokhala ndi kiyi wa bokosi. Amayi amakhala pamkeka, ine amandipatsa kampando chifukwa cha mawondo. Timatsegula maloko atatu aja, kenako mlembi amayamba kuitana mayina mmodzimmodzi kuti aliyense apereke yake. Akafika pa dzina lachisanu ndi chimodzi amatsitsako mawu.

“Malita.”

“Alipo,” ndimayankha, n'kupereka ndalamayo.